Chipewa cha siponji cha rugby ndi mpira: chabwino ku makutu, koma ubongo sichiufikira

Kholo likalowa m'sitolo ya zamasewero ku Manda Hill, ku East Park kapena ku Kamwala kukafuna chipewa cha mwana amene wayamba rugby, funso limakhala limodzi: "Kodi chimateteza mutu?" Wogulitsa amavomera, ndipo sikuti wanama kwenikweni, pakuti khungu ndi makutu ndi mutu womwewo. Koma chimene kholo likuopa ndi kugwedezeka kwa ubongo, kuja madokotala amati concussion, ndipo pa vuto limeneli chipewachi sichithandiza. Ndi katundu wabwino pa ntchito yake, koma ambiri akumugulira ntchito imene si yake.

Tikunena chipewa chofewa chija a rugby amati scrum cap, pamodzi ndi mbale wake, lamba wa siponji wozungulira pachipumi amene ena ayamba kuveka ana osewera mpira wamiyendo. Mukachigwira m'manja mupeza kuti ndi siponji yodulidwa tizigawotizigawo, yosokeredwa pakati pa nsalu ziwiri, chili ndi zingwe zomangira kunkhongo, lamba womata wapachibwano ndi timabowo pa makutu. Malamulo a World Rugby, bungwe loyendetsa rugby padziko lonse, salola kuti siponjiyo ipitirire sentimita 1 kuchindikala kwake, ndiponso isalemere kuposa makilogalamu 45 pa kiyubiki mita imodzi. Anachita dala kuti chisakhale chida chopwetekera anzako. Chifinyeni ndi zala ziwiri pamalo a pachipumi: zalazo zimatsala pang'ono kukumana. Chitetezo chonse chimene mukugula ndi chimenecho.

Pa ntchito yake yeniyeni sitichinyoza. Osewera kutsogolo, amene mitu yawo imapanikizika pakati pa ntchafu ndi ziuno za anzawo mu scrum, pamene matimu awiri amakankhana atawerama, makutu awo amapindika ndi kukhudzulidwa mpaka magazi kuundana pakati pa khungu ndi chichereŵechereŵe. Magaziwo akapanda kuchotsedwa msanga khutu limauma lili makwinyamakwinya ndipo silibwereranso. Chipewa chimachepetsa zimenezi. Chimathandizanso pa mabala ong'ambika a m'mutu, omwe amatulutsa magazi ambiri ngakhale ali aang'ono, ndi pa kusupuka. Aliyense wodziwa mmene mabwalo a m'makomboni a Lusaka amaumira kuyambira June mpaka mvula itagwa, dothi lili gwa, timiyala tili mbwee, aona kuti phindu limeneli si laling'ono.

Pogula, yezani mutu ndi tepi ya telala, kuizunguliza pamwamba pang'ono pa nsidze ndi pamwamba pa makutu, n'kuyerekeza ndi manambala a pa paketi, chifukwa saizi ya M ya kampani ina si M ya inzake. Mwana avale, amange lamba wapachibwano moti pangolowa chala chimodzi kapena ziwiri, kenako agwedeze mutu mwamphamvu. Chikatsetsereka n'kuphimba nsidze, kapena mabowo akachoka pa makutu, n'chachikulu. Chizolowezi chathu chogulira mwana chachikulu kuti akule nacho pano sichigwira: chipewa chokhwepa chimatchinga maso pa nthawi imene mwana akufunika kuona bondo likubwera. Yang'anani mkati ngati muli kachizindikiro kosonyeza kuti World Rugby inachivomereza, pakuti woyimbira masewero akhoza kukana chopanda chizindikiro. Za pa salaula zimapezeka ndipo zimatchipa, koma zambiri siponji yake inaphwatalala kale. Dinani ndi chala. Ikachedwa kubwerera, kapena ikamanyenyeka, zisiyeni.

Zofooka zake n'zodziwika. Chimatentha, ndipo mu October kutentha kukapitirira madigiri 30 ana amachivula hafu isanathe n'kuchiponya kunja kwa bwalo. Chimachepetsa kumva, makamaka chija cha mabowo aang'ono. Chomatira cha pachibwano chimadzaza udzu ndi fumbi n'kuleka kugwira. Chipeseni ndi kaburashi kakale ka mano. Chapani ndi manja m'madzi ozizira, yanikani pamthunzi, chifukwa dzuwa limaumitsa siponji.

Tsopano chifukwa chimene sichitetezera ubongo. Ubongo sunamatiridwe ku chigaza. Ndi chinthu chofewa cholemera pafupifupi kilogalamu 1 ndi theka, chokhala m'timadzi mkati mwa fupa. Ganizirani minibasi yodzaza ikutsika Great East Road, dalaivala n'kuponda buleki mwadzidzidzi. Okwera onse amasunthira kutsogolo n'kugundana, ndipo mukanamata matiresi kunja kwa basiyo palibe chikanasintha kwa iwo. Mutu ukaima kapena kutembenuka modzidzimutsa, ubongo umatsalira m'mbuyo, umapotoka, timitsempha take timakokeka, ndipo kwa masiku angapo umasowa mphamvu yogwirira ntchito bwino. Kupotokako ndiye koopsa kwambiri, n'chifukwa chake chibakera cha pachibwano chimagwetsa munthu kuposa cha pachipumi. Ndipo sikofunika kuti mutu ugundidwe: phewa la mnzako likakupeza pachifuwa mutu n'kukhutumukira kumbuyo, concussion ikhoza kuchitika chipewa chisanakhudzidwe n'komwe.

Zimenezi anaziyesa. Ku Australia anatsatira anyamata a rugby oposa 3,000, magulu ena ovala zipewa ena osavala, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2009 sizinaonetse kuchepa kwa concussion. Ku America anachita chimodzimodzi ndi ana a sekondale 2,766 osewera mpira wamiyendo, ena atavala malamba a siponji aja. Nakonso kusiyana sikunaoneke. Ngakhale m'nkhonya, momwe chipewa chake n'chochindikala kuposa ichi, amuna anasewera pa Olympics ya ku Rio mu 2016 opanda zipewa, koyamba chiyambire kuzivala mu 1984.

Okonda Chelsea atikumbutsa goloboyi wawo wakale Petr Čech. Inde, anavala chipewa mpaka kupuma mpira, koma chifukwa chake chinali china: mu October 2006, pa masewero ndi Reading, bondo linamuphwanya chigaza, madokotala n'kumuika zitsulo. Chipewacho chinkatchinga fupa lovulala. Lamba amene wosewera mpira wa ku Mexico Raúl Jiménez amavala chivulalireni mu November 2020 ndi wa chifukwa chomwecho.

Chotidetsa nkhawa kwambiri si ndalama yotayika ayi, koma zimene chipewa chimachita m'maganizo. Mnyamata wina akachivala amadziona ngati wavala chitsulo, amalowa ndi mutu pamene akanalowa ndi phewa. Ndipo akagwa n'kudzuka akudzandira, akuluakulu kunja amauzana kuti, "Ali ndi chipewa uyo, palibe kanthu."

Pa shelefu yomweyo pamakhala kapulasitiki koteteza mano, mouthguard, ndipo aka ndiye tikuti gulani musanaganize za chipewa. Pa mano, milomo ndi nsagwada phindu lake n'losakayikitsa. Pa concussion umboni wake ndi wochepa: m'masewero a ice hockey, oseweredwa pa madzi oundana, anapeza kuti ovala amavulala mocheperako ndi 28 peresenti, koma m'masewero athu kuno sitingalonjeze zomwezo. Kotchipa kaja koviika m'madzi otentha kamagwira ntchito mukakaumba bwino, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa. Wiritsani madzi, aphuleni, dikirani masekondi pafupifupi 30, viikani kapulasitikiko kwa nthawi imene yalembedwa pa paketi, kawirikawiri yosapitirira miniti imodzi. Katulutseni ndi supuni, kagwedezeni kuti kasawotche nkhama, kalowetseni ku mano a m'mwamba. Mwana alume pang'ono chabe, ayamwe mpweya ndi malovu mwamphamvu, lilime likukankha mkati, inu mukudina ndi zala pa milomo ndi masaya kwa masekondi 30, kenako m'madzi ozizira kuti kaume. Akaluma mwamphamvu amaboola pulasitiki pamalo pomwe pafunika kuchindikala mamilimita 3 kapena 4. Kuyesa kwake n'kosavuta: ayasamule, ayankhule. Kakagwa, bwerezani. Katalika kumbuyo moti kamamuchititsa mseru? Dulani pang'ono, koma mano akumapeto asatsale pamtunda. Mwana amene mano akumerabe amafunika katsopano chaka chilichonse, ndipo wovala mawaya a m'mano apite kwa dokotala wa mano.

Chinthu chimene chimatetezadi ubongo pa tsiku la masewero sichigulitsidwa m'sitolo. Ndi pepala la masamba awiri lotchedwa CRT6, lomwe linatuluka mu 2023 kutsatira msonkhano wa akatswiri ku Amsterdam mu October 2022. Limapezeka pa intaneti kwaulere, ndipo analembera anthu amene si achipatala: makochi, aphunzitsi, makolo, oyimbira.

Limayamba ndi zizindikiro zofuna chipatala pompopompo. Kupweteka kwa khosi, kukomoka, kugwa ngati wa khunyu, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kusaona, kusanza mobwereza, mutu wopweteka kwambiri kapena womkirankira, dzanzi kapena kufooka kwa manja ndi miyendo, kusokonezeka kowonjezereka, kulusa kosadziwika bwino, ndi chigaza chooneka kuti chabonyoka. Wotere, makamaka wodandaula khosi kapena wokomoka, musamunyamule mwendo ndi mkono monga timaonera m'mabwalo a m'madera. Mmodzi agwade kumutu, agwire mutuwo ndi manja awiri kuti usatembenuke, wina aone ngati akupuma, chipewa chisavulidwe ndi munthu wosaphunzira ntchitoyi, ndipo wina ayimbire ambulansi. Ayenera kufika ku chipatala chachikulu chokhala ndi makina a CT ojambula mkati mwa mutu, monga UTH (University Teaching Hospital), chifukwa chimene chikuopedwa pamenepo ndi magazi kukha mkati mwa chigaza kapena khosi lothyoka.

Ambiri safika pamenepo, ndipo ndiwo amaphonyedwa. Mwa anthu khumi ogwedezeka ubongo, wokomoka sakwana n'komwe mmodzi nthawi zambiri. Enawo amadzuka. Yang'anani mmene akudzukira: wagona kanthawi osasuntha, anagwa osadzitchinjiriza ndi manja, akuchedwa kuimirira, akudzandira, maso ali tong'o ngati sakuona chimene akuyang'ana, akuthamangira mbali yolakwika. Mukamufikira adzanena mawu omwe kochi aliyense mu Lusaka anawamvapo: "Ba kochi, nili che bwino." Musafunse ngati ali bwino. Funsani zimene pepalalo likunena: tili pa bwalo liti lero, mumasewera masewero anji, wagoletsa komaliza ndani, sabata yatha munasewera ndi timu iti, munapambana kodi. Kuphonya limodzi lokha n'kokwanira. Pa fainolo ya World Cup ya 2014, Christoph Kramer wa Germany atagundidwa ndi phewa kumutu anapitiriza kusewera mphindi zoposa khumi, mpaka anafunsa woyimbira ngati imeneyi inali fainolo. Anali ndi madokotala a timu yaikulu pambali pake.

Pepalali lili ndi zofooka zake kwa ife. Lili m'Chingerezi, ndiye mwana wa zaka 11 wa ku Chawama kapena Matero akachedwa kuyankha simungadziwe ngati ndi ubongo kapena chilankhulo. Mafunso aja muwamasuliretu m'Chinyanja, muwalembe kumbuyo. Wofunsayo ayeneranso kudziwa mayankho. Munthu wa first aid wobwerekedwa tsiku lomwelo sadziwa kuti timu inasewera ndi yani sabata yatha, choncho pakhale mnzake wa m'timu pafupi, koma asamunong'oneze. Chachikulu n'chakuti kuyankha bwino mafunso onse sikutsimikiza kuti ali bwino. Ngati munaona kudzandira, kapena akunena za mutu, chizungulire, mseru, kuwala kumupweteka m'maso, kapena akungomva kuti sizili bwino, atuluke ndipo asabwererenso tsiku limenelo. Zizindikiro zina zimadzaoneka mawa lake kapena mkuja, mpaka maola 72. Kumuthira botolo la madzi pamutu kumangomutsitsimutsa nkhope.

Mantha a makochi oti atsala ndi osewera khumi nawonso ayankhidwa. Kuyambira July 2024 malamulo a mpira amalola okonza mpikisano kuwonjezera kusintha kwapadera kwa wosewera woganiziridwa concussion. Okonza mipikisano ya masukulu ndi ya m'madera angolemba zimenezi m'malamulo awo mpikisano usanayambe.

Pali pepala lina, SCAT6, la zaka 13 kupita m'mwamba, ndi Child SCAT6 la zaka 8 mpaka 12. Amenewa ndi a achipatala okha. Kuyeza kwake sikutheka m'mphindi zosakwana 10 mpaka 15, ndipo kumafuna malo a phee: zizindikiro 22 zimene wovulala amazipatsa nambala kuyambira 0 mpaka 6, mawu khumi oti awakumbukire katatu kenako pambuyo pake, manambala ndi miyezi yotchula chobwerera, kuima mwendo umodzi masekondi 20 maso otseka, ndi kuyenda chidendene ku chala pa mzere wa mamita 3. Mukalipira gulu lothandiza ovulala pa mpikisano wanu, afunseni ngati ali ndi munthu wodziwa kuchita zimenezi. Wina akamaliza "kuyeza" mu miniti imodzi n'kuyatsa tochi m'maso, sanayeze. Ndipo chithunzi cha CT chikatuluka chabwino, tanthauzo lake n'lakuti mulibe magazi otayikira mkati kapena fupa losweka; concussion sioneka pa chithunzicho.

Wotulutsidwa asasiyidwe yekha kwa maola atatu oyambirira, asakwere basi yekha kupita kunyumba, asayendetse galimoto kapena njinga, asamwe mowa. Kholo liuzidwe pamaso kapena pa foni zizindikiro zoopsa zija. Pa mutu, Panadol ndi wokwanira. Aspirin ndi Brufen apewedwe tsiku loyamba kapena awiri chifukwa amachedwetsa magazi kuundana. Kugona ndi mankhwala, bola wamkulu azimusuzumira usiku woyamba. Malangizo akale omutsekera m'chipinda cha mdima sabata yonse anasiyidwa. Maola 24 mpaka 48 oyamba apume koma osati kungogona: ayende pang'ono pabwalo, achite tintchito topepuka, foni ndi TV achepetse kwambiri. Pa zonsezi, kulanda foni ndiye nkhondo.

Kubwerera kumayenda m'masitepe asanu ndi limodzi, iliyonse yosachepera maola 24. Amayamba ndi zochita za tsiku ndi tsiku, kenako kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga yoima pamalo amodzi, poyamba mtima usapitirire 55 peresenti ya liwiro lake lalikulu, pambuyo pake 70. Yachitatu ndi kuthamanga ndi kusewera ndi mpira payekha, kutali ndi pomwe angagundidwe. Pa masitepe amenewa kamutu kakawonjezeka pang'ono, kosapitirira 2 pa sikelo ya 10, n'kutha ola lisanakwane, si vuto. Kakapitirira apo aime, adzayesenso mawa. Masitepe atatu otsala, omwe ndi kuyeserera ndi anzake popanda kugundana, kuyeserera kogundana, ndi masewero enieni, amayamba pokhapokha zizindikiro zonse zitatha ndipo wachipatala wavomereza. Sukulu imatsogola: mwana amene sangathe kukhala m'kalasi tsiku lonse osapweteka mutu sanakonzekere bwalo. Ku Britain malangizo a 2023 a masewero a m'madera amati asasewere mpikisano masiku 21 asanakwane, ndipo ife tikuona kuti ndi muyezo wabwino kwa timu iliyonse yopanda dokotala wake. Chifukwa chodikirira n'chakuti ubongo wosachira umagwedezekanso mosavuta, kuchira kwachiwiri kumatalika, ndipo mwa achinyamata, ngakhale sizichitika kawirikawiri, kugundidwa kachiwiri kukhoza kutupitsa ubongo mpaka imfa. Zizindikiro zikapitirira masabata anayi, abwerere kwa dokotala.

Ndalama ya zipewa za timu yonse ikanapindula kwambiri pa zina. Ku England, anyamata a rugby a m'masukulu amene ankachita mafizo okonzekera olimbitsa khosi, miyendo ndi kukhazikika kwa thupi katatu pa sabata anachepetsa concussion ndi 59 peresenti pa kafukufuku wa 2017. Mafizowo ndi amene World Rugby ikuwafalitsa kwaulere pa dzina la Activate, ndipo safuna chipangizo chilichonse koma mphindi 20 ndi kochi wosatopa kubwereza. Kuphunzitsa kugwira mnzako m'munsi mwa chifuwa, mutu uli kumbali kwa thupi lake osati kutsogolo kwa mawondo, kumateteza kwambiri wogwirayo, yemwe ndiye amavulala kawirikawiri. Mu mpira wamiyendo zambiri zimachokera pa mitu iwiri kugundana m'mwamba kapena chigongono, osati pa mpira weniweniwo, ndiye woyimbira wosalekerera zigongono amachita zambiri kuposa lamba wa siponji. America inaletsa mahedi kwa ana a zaka 10 kutsika m'munsi mu 2015. Kwa ana athu, mpira wa saizi 4 wosapopedwa mopitirira, osati uja wachikopa womwa madzi m'dzinja, ndi poyambira pabwino. Masiponji okulunga mapolo a rugby, ndi kuyenda m'bwalo masewero asanayambe kutola miyala ndi zidutswa za njerwa zimene ana amaikira magolo mkati mwa sabata, nazo zimalowa m'gulu lomweli.

Tsono agule ndani? Wosewera kutsogolo mu rugby, wa makutu ovutavuta, kapena wa bala la m'mutu lomwe langopola kumene, agule chovomerezeka, cha saizi yake. Wosewera kumbuyo akhoza kuvala ngati akufuna, bola adziwe chimene wavala. Lamba wa siponji wa mpira wamiyendo sitikuona chifukwa chomugulira mwana amene dokotala sanamulembere. Kholo la mwana amene wangovulala kumene, lomwe likufuna chipewa kuti abwerere Loweruka likubwerali, libweze ndalamayo m'thumba: masiku aja sachepa chifukwa cha siponji. Ndalama yochepa ipite pa kusindikiza CRT6, kulikuta ndi pulasitiki kuti lisanyowe, ndi kuliika m'chikwama cha first aid pamodzi ndi pepala la manambala a foni a makolo a osewera onse.